Besi ya 1978 ija: yambani mwaona khosi, za chaka zibwere pambuyo

Funso: Ndakhala ndikuimba gitala ya besi m'bandi kwa zaka 7, ndipo zaka zitatu zapitazi ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndidzagule besi yakale yeniyeni. Pano ndapeza ziwiri. Yoyamba ndi Fender Jazz Bass ya 1978. Mwini wake akuti zonse ndi zomwe inabadwa nazo kupatula pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) imodzi yomwe inasinthidwa, koma nditainyamula ndinamva kuti ndi yolemera ndithu. Yachiwiri ndi Squier (mtundu wotsika mtengo wa Fender) ya ku Japan ya 1983, ndipo mtengo wake sukufika ndi theka lomwe la inzake ija. Mtima wanga uli pa ya 1978. Ndikaone chiyani ndisanapereke ndalama? Nanga gitala yakale chonchi ingapirire kuimbidwa sabata ndi sabata?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kulemba musanagule. Ambiri amandipeza ndalama zitapita kale, gitala ili m'bokosi, nkhope zili zyoli, akufunsa ngati chilipo chomwe ndingachitepo. Ndakhala ndikukonza komanso kuimba mabesi kwa zaka zambiri, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna chikhale m'mutu mwanu tsiku lokaiona lija: pa besi yakale, chomwe mukugula kwenikweni ndi khosi. Pickup imasinthidwa, mawaya amawotchereredwanso, bridge (kachitsulo kogwira nsambo pa thupi la gitala) imamasulidwa n'kuikapo ina masana amodzi okha. Koma khosi likatha, gitala yatha, ndipo chaka cholembedwa pamutu pake sichingaidzutse.

Tiyambe tadziwa kuti chaka cha 1978 chikutanthauzanji. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951 ku Fullerton, m'chigawo cha California, kenako Jazz Bass mu 1960. Mu Januwale 1965 anagulitsa kampani yake kwa CBS, kampani ya wailesi ndi TV ya ku America, pa madola 13 miliyoni, ndipo CBS inaiyendetsa mpaka 1985. Mabesi omwe anthu osunga zakale amalimbirana kwambiri ndi omwe anapangidwa CBS isanalowe. Yanuyo ndi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nthawi yomwe fakitale inkatulutsa magitala ochuluka kwabasi ndipo ntchito yake sinkafanana. Ina imachita kuimba yokha m'manja, inzake ya chaka chomwecho n'kukhala yolemera, mawu ake ogontha. Kale oimba ankazipeputsa besi za nthawi imeneyi. Zinayamba kukwera mtengo za m'ma 1960 zitathawa m'manja mwa anthu wamba, sikuti zonse zinasanduka zabwino chifukwa chokalamba. Komabe zabwinozo n'zabwinodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pickup yakumbuyo ya Jazz Bass anaisuntha pafupifupi sentimita imodzi kuyandikira ku bridge, ndiye mawu ake ndi othina, akuthwa, okoma kwambiri mukamamenya nsambo ndi chala chachikulu. Katswiri woimba besi Marcus Miller anatchuka ndi Jazz Bass ya 1977, mkulu wake wa yanuyo ndi chaka chimodzi chokha.

Ya 1978 yeniyeni mukaipeza ndi khosi lomangidwa ndi mabawuti atatu osati anayi, nati yowongolera khosi, yooneka ngati chipolopolo, ili poyera kumutu, zizindikiro zikuluzikulu za ngodya zinayi pakati pa mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi podinira nsambo), mkombero m'mbali mwa khosi, ndi nambala yoyamba ndi S8 yolembedwa pamutu. Chimodzi mwa izi chikasowa, funsani chifukwa chake.

Tsopano khosi. Nsambo zinayi za besi zikatchunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu 70 mpaka 90, malinga ndi kunenepa kwa nsambozo. Taganizirani munthu wamkulu akulendewera pa kathabwa kameneko usana ndi usiku kuyambira 1978. Chikhalirecho khosi la Jazz Bass ndi lowonda: kumtunda kwake, pomwe nsambo zimadutsa zikamachoka kumutu, ndi mamilimita 38 okha. Chomwe chimalichirikiza ndi chitsulo chachitali chobisika mkati mwake, chomwe timachitcha truss rod. Nsambo zikukokera kutsogolo, icho chikukokera kumbuyo. Pa magitala akalewa chitsulochi chimagwira mbali imodzi yokha: mukamanga nati yake khosi limawongoka, mukamasula nsambo zimalipinda. Chaka ndi chaka thabwa limagonja pang'onopang'ono, mwini gitala n'kumanga pang'ono, wotsatira wake n'kumanganso pang'ono, mpaka tsiku lina nati imafika pothera. Zikatero khosi likupindikabe koma poliwongolera palibenso.

Ndiye mukafika, musathamangire kulumikiza ku ampu. Tchunani gitalayo ndi tchuna yanu, ifike pa E, A, D ndi G penipeni, chifukwa besi yotchunidwa motsika imabisa matenda a khosi. Igwireni monga mumaigwirira poimba, osati kuigoneka patebulo. Dinani nsambo yaikulu ya E pa fureti yoyamba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi dzanja lamanja muidine pa fureti yomaliza. Nsambo ija yasanduka lula yowongoka. Yang'anani kampata komwe kali pakati pa nsambo ndi fureti ya 8. Kayenera kukhala kakang'ono, pafupifupi mamilimita 0.3, koti kakadi ka pepala lolimba kalowe mochita kukhudza. Bwerezani pa nsambo yaing'ono ya G. Ngati mipata iwiriyi ikusiyana kwambiri, khosi lapotoka, ndipo kupotoka sikumva truss rod. Kenako ikani diso kumutu n'kuyang'ana motsetsereka m'mbali mwa khosi mpaka ku thupi, mbali zonse ziwiri. Mukufuna mzere wopindika pang'ono mofanana, wopanda chitunda. Malo okayikitsa ndi kumunsi, pomwe khosi likukumana ndi thupi. Pamenepo thabwa limakonda kutukuka, ndipo mukadina kuyambira cha pa fureti ya 14 kupita mtsogolo nsambo zimakhula mafureti akutsogolo, mawu n'kutsamwa. Ogulitsa ena amabisa zimenezi pokweza nsambo pa bridge. Mukapeza nsambo zili m'mwamba kwambiri, pemphani azitsitse inu mukuona.

Kenako pemphani chinthu chomwe ogulitsa ambiri sakondwa nacho: kuyesa nati ya truss rod. Mwayi wanu ndi woti pa ya 1978 nati ili poyera, pomwe pa za m'ma 1960 ili kumunsi kwa khosi ndipo nthawi zambiri pamafunika kumasula mabawuti kuti muifikire. Tengani kiyi ya Allen ya mainchesi yokwana bwino, osati ya mamilimita yongoyandikira, chifukwa imadya nati. Yambani ndi kumasula pang'ono, kagawo kamodzi mwa magawo 8 a kuzungulira kumodzi, kenako bwezani pomwe inali, kenako mangani pang'ono chimodzimodzi. Nati yamoyo imatembenuka molimba koma mosalala, ndipo kampata kaja kamasintha. Ikakana kuyenda pomwe khosi lili lopindika kale, yafika pothera. Ikamangozungulira osagwira kanthu, chitsulo chinaduka kapena chinazuka mkati. Musakakamize ngakhale pang'ono, gitalayo sinakhale yanu. Ngati manja anu sanazolowere ntchito imeneyi, pitani ndi mmisiri wa magitala, kapena gwirizanani kuti mukakumane kwa mmisiriyo. Mwini wake akakaniratu zonse ziwiri, kwa ine nkhani yathera pomwepo.

Ndikuumirira chonchi chifukwa cha zomwe ndinaona pa tebulo langa logwirira ntchito. Mnyamata wina anabwera ndi besi ya m'ma 1970 yomwe anagula pa intaneti atangoona zithunzi. Inali yokongola zedi, penti yake itachita chikasu chokoma chija cha ukalamba. Inafika ili ndi nsambo zowonda kwambiri, ndipo iye ataikapo nsambo zomwe anazolowera, m'masiku atatu okha khosi linapindika ngati uta, moti pa fureti ya 12 pensulo inkatsala pang'ono kulowa pansi pa nsambo. Ndinalowetsa kiyi, nati osasuntha. Nditaimasula yonse n'kuunika ndi tochi m'kabowo muja, ndinakokamo timawashala titatu, kamodzikamodzi, n'kutiyala pansalu. Kuika washala pansi pa nati ndi njira yodziwika yoipatsira malo ena omangira, ndipo kamodzi kapena kawiri imathandiza. Titatu tinkatanthauza kuti amisiri angapo analimbana nalo kale khosi limeneli n'kulephera. Mnyamata uja anangoti chete, akuyang'ana timawashala tija. Ndinaliika khosilo m'zopanira, ndinalitenthetsa mosamala, linawongoka, linakhala miyezi ingapo, kenako linabwerera. Mapeto ake tinagula khosi latsopano, ndipo gitala yomwe analipira mtengo wa orijino inasanduka ya theka lakale theka latsopano. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mphindi 5 zokha ndi kiyi m'manja zikanamupulumutsa.

Khosi likapambana mayeso amenewa, lumikizani ku ampu n'kuliza noti iliyonse pa nsambo iliyonse, imodziimodzi, kuisiya ilire mpaka ithe yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nsambo ya G, pakati pa fureti ya 5 ndi ya 7, mupeza noti imodzi yomwe imafa msanga kuposa zinzake. Musadabwe nayo, pafupifupi besi iliyonse ya kapangidwe aka, ya mainchesi 34, ili napo pamalo potere. Funso ndi lakuti ikufa msanga bwanji. Ngati ikungoti bu n'kuzima, ndipo nyimbo zanu zimakhalitsa pamenepo, idzakusowetsani mtendere. Mafureti odyeka, okhala ndi timaenje pansi pa nsambo, asakuopseni. Mafureti ali ngati matayala a galimoto, amatha ndipo amasinthidwa. Kungoti pa khosi la mkombero ntchitoyi ndi yochedwa ndipo imadya ndalama zambiri, ndiye muichotsere pa mtengo.

Za mabawuti atatu anthu amazinena moipa kuposa mmene zilili. Vuto silikhala kuchuluka kwa mabawuti koma kabowo ka m'thupi momwe khosi limakhala, komwe pa magitala ena a nthawi imeneyo kanagobedwa kotakasuka. Gwirani thupi mwamphamvu n'kukankha khosi cha m'mbali pang'ono. Likasuntha kapena kulira kuti khe, mwadziwa. Onaninso ngati nsambo ya E ndi ya G zatalikira mofanana ku mphepete mwa khosi. Izi zimakonzeka mosavuta ndi kathabwa kopyapyala kotsekera mpata, si chifukwa chothawira.

Kulemera mwakutchula nokha, ndipo musakunyalanyaze. Matupi ambiri a nthawi imeneyo ndi a mtengo wa ash wolemera, wokutidwa ndi penti yochindikala ya polyester. Jazz Bass yabwino kunyamula imakhala cha pa makilogalamu 4, koma za kumapeto kwa m'ma 1970 zina zimapitirira 5. Kilogalamu imodzi pamanja si kanthu, koma paphewa, ola lachitatu la kuimba, imamveka mpaka m'chiuno. Pitani ndi kasikelo kopimira zikwama, pitaninso ndi lamba wanu, muime nayo kwa theka la ola. Ena amati besi yolemera ndiyo imalira nthawi yaitali. Ine ndagwirapo zopepuka zolira bwino ndi zolemera zogontha, moti mawu amenewo sindiwakhulupirira.

Tibwere ku mawu oti zonse ndi orijino. Nambala ya S8 payokha si umboni wokwanira, chifukwa timapepala ta manambalawa ankasindikiza tambiri nthawi imodzi ndipo tina tinkagwira ntchito chaka chake chitadutsa. Umboni wina uli mkati. Masulani kachitsulo komwe pali mabatani atatu aja n'kukatembenuza. Kumbuyo kapena m'mbali mwa pot iliyonse, kachipangizo kozungulira komwe batani limapotokola, pali nambala. Ikayamba ndi 137 ndiye kuti inapangidwa ndi kampani ya CTS, manambala awiri otsatira ndi chaka, awiri omaliza ndi sabata. Mwachitsanzo 1377820 ndi pot ya sabata ya 20 ya 1978. Dziwani kuti nambalayi imangokuuzani kuti gitala sinatuluke tsikulo lisanafike. Pot imatha kukhala m'nkhokwe nthawi yaitali, monga zinachitikira ndi za 1966 zomwe Fender inagula zochuluka n'kumaziikabe m'magitala kwa zaka zingapo zotsatira. Yang'ananinso powotcherera mawaya. Pakale pamakhala potuwa ndi pafumbi, patsopano pamanyezimira. Popeza pickup imodzi inasinthidwa, payenera kunyezimira pomwe mawaya ake alumikizidwa basi. Pakanyezimira ponseponse, zosinthidwa ndi zambiri kuposa zomwe mwauzidwa. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, pickup ya Jazz Bass yamoyo imaonetsa pakati pa 7k ndi 9k ohms.

Pali kachizindikiro kena komwe ndimakakonda. Pa ma Fender a m'ma 1970, nkhope ya mutu, pomwe pali dzina, inkapakidwa vanishi ya mtundu wakale ya nitrocellulose pomwe khosi lonse linali la polyester. Vanishi yakaleyo imada msanga, ndiye mutu kutsogolo umaoneka wachikasu chakuda kuposa kumbuyo kwake. Osadziwa amaganiza kuti mutu unapentedwanso, pomwe kusiyana kumeneko n'kwachibadwa.

Pickup yosinthidwayo ine sindikuiona ngati vuto. Kwa inu ndi bwenzi. Msika wa magitala akale uli ndi anthu a mitundu iwiri, osunga ndi oimba. Wosunga amalipira kuti chilichonse, mpaka bawuti, chikhale chomwe chinachoka ku fakitale, ndipo kwa iye gitala yopentedwanso imatsika mtengo pafupifupi ndi theka ngakhale ikulira chimodzimodzi. Inu ndinu woimba. Chilichonse chomwe chimathamangitsa wosunga koma osakhudza khosi ndi mawu chimakutsitsirani mtengo. Oimba omwe anazitchukitsa gitalazi sankaziopa kuzigwira: Jaco Pastorius anazula mafureti pa Jazz Bass yake ya 1962, ndipo ya Marcus Miller ija mmisiri Roger Sadowsky anaiikamo preamp (kachipangizo kokweza mawu) ya batire. Choncho mtengo womwe mwauzidwa ukhale wa gitala yosinthidwa, osati wa yosakhudzidwa. Funsaninso ngati pickup yakale ikadalipo m'kabati mwinamwake. Ngakhale ikhale yakufa itengeni, chifukwa alipo amisiri omwe amakulunganso waya wake n'kuidzutsa.

Pogula, lemberanani. Pepalalo likhale ndi nambala ya gitala, zomwe zinasinthidwa, ndi dzina la wogulitsa monga lilili pa chiphaso chake. Magitala akale amabedwa kwambiri, ndipo eni ake saiwala. Besi ya Höfner ya Paul McCartney wa gulu la Beatles, yomwe anagula ku Hamburg mu 1961, inabedwa ku London mu 1972, ndipo nkhani yoti yabwerera kwa mwini wake inamveka mu February 2024, patadutsa zaka zoposa 50. Fufuzani nambalayo pa intaneti musanalipire. Za malamulo odutsira malire a mayiko, yanuyo ilibe nkhawa yaikulu. Mtengo wovuta ndi rosewood ya ku Brazil, yomwe pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera la CITES linaiika pa mndandanda wotetezedwa kwambiri mu 1992, ndipo imapezeka pa makosi a ma Fender a kuyambira 1959 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1960. Amenewo ndiwo amafuna zikalata.

Mwina mawa mudzakopeka ndi mtundu wina, ndiye ndingotchulako pang'ono, ndipo muona kuti nkhani ndi yomweyi. Ma Gibson akale monga EB-0, EB-3 ndi Thunderbird ali ndi khosi la mahogany lomwe limakonda kuthyoka kuseri kwa mutu gitala ikagwa, choncho unikani pamenepo ndi tochi kufuna mzere wa guluu. Höfner ndi yamphako ndipo khosi lake ndi lomata, guluu akatopa khosi limaweramira kutsogolo. Rickenbacker 4001 ili ndi zitsulo ziwiri m'khosi, ndipo za mtundu wakalezo sizimangidwa ngati za Fender: umayamba wawongola khosi ndi manja kenako n'kumanga manati. Wosadziwa akangomanga, thabwa la mafureti limatha kumatuka kumtunda.

Nanga ingapirire kuimbidwa sabata ndi sabata? Kwabasi. Jazz Bass ndi matabwa awiri omangidwa ndi mabawuti, ma pickup awiri, ma pot atatu ndi mawaya ochepa, ilibe ndi batire lomwe. Inapangidwira ntchito, ndipo kuimbidwa sikuipha. Koma pali zoti muzolowere. Pickup iliyonse ya Jazz Bass ikakhala yokha imatola phokoso la magetsi lija long'ung'udza, makamaka pafupi ndi magetsi a pasiteji. Mukatsegula mabatani onse awiri a voliyumu mofanana phokosolo limazimana, chifukwa ma pickup awiriwo anakulungidwa motsutsana. Apa ndi pomwe muyesere pickup yatsopano ija: tsegulani zonse ziwiri mpaka kumapeto. Phokoso likapanda kutha, kapena mawu akaonda n'kusowa pansi, ndiye kuti yatsopanoyo siikugwirizana ndi yakale kapena mawaya ake anatembenuzidwa. Chachiwiri, pamwamba pa khosi lakale ndi pozungulira kwambiri kuposa pa mabesi ambiri a masiku ano, ndipo silikonda nsambo zotsika kwambiri. Ine ndimaziika pa mamilimita 2.4 mpaka 2.8 pamwamba pa fureti ya 17, ndipo pamenepo gitala imapuma bwino. Kebulo ikhale yaifupi, yosapitirira mamita 6, chifukwa besi yopanda batire imataya kuthwa kwa mawu mu kebulo yaitali.

Pa nsambo ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe pagona zambiri zomwe anthu amazitcha mawu akale. Nthawi yomwe Precision ndi Jazz zinkabadwa, nsambo za besi zinali zosalala, zotchedwa flatwound. Zokhakhala zomwe tazolowera lerozi zinafala kuyambira 1966, pomwe kampani ya Rotosound inatulutsa zake mothandizana ndi John Entwistle, woimba besi wa gulu la The Who. James Jamerson, yemwe besi yake imamveka pa nyimbo zosawerengeka za kampani yojambula nyimbo ya Motown ku Detroit, ankaimba Precision ya 1962 yokhala ndi nsambo zosalala zonenepa za La Bella zomwe sankazisintha wambawamba, kasiponji kali pansi pa chivundikiro cha bridge kogonthetsa nsambo, ndipo ankakoka ndi chala chimodzi. Mawu onenepa, aafupi, ogunda pamtima aja amachokera pa zinthu zimenezi kuposa pa msinkhu wa thabwa. Ndanena izi kwa ambiri ndipo ndikunenanso kwa inu: musanapereke ndalama za zaka zitatu, ikani nsambo zosalala pa besi yomwe muli nayo, lowetsani kasiponji pansi pa nsambo pafupi ndi bridge, tsitsani batani la toni, kokerani chapafupi ndi khosi. Mukamva kuti chomwe munkafuna ndi chimenecho, mwapulumutsa ndalama. Mukamva kuti chikusowabe, mupita kokagula mukudziwa chomwe khutu lanu likusaka. Chenjezo limodzi lokha: nsambo zosalala zonenepa zimakoka kwambiri. Pa khosi lowonda la zaka zoposa 40 sankhani zopepukirapo, ndipo mukasintha mtundu wa nsambo yezaninso kampata ka pa fureti ya 8 pakatha masiku awiri kapena atatu.

Kusamala kwake n'kosavuta. Bokosi lolimba, lamba wotambalala, ndipo musaisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa kapena kuitsamiritsa pakhoma lachinyezi. Thabwa limakondwa chinyezi cha mumpweya chikakhala pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Mukatha kuimba pukutani thukuta pa bridge ndi pa nsambo, dzimbiri limayambira pamenepo. Kabawuti kogwira lamba kakayamba kugwedera, musaboole pena. Lowetsani timitengo ta machesi ndi kadontho ka guluu wa matabwa m'kabowo n'kumanganso. Lamulo langa pa gitala yakale ndi loti sinthani chilichonse chomwe chingabwezedwe, koma musaboole, musagobe, musapale penti, ndipo chilichonse chomwe mwachotsa chisungeni m'kathumba m'bokosi momwemo. Mukadzakopeka ndi ampu yakale ya mavavu yoti izigwirizana nayo, monga Ampeg B-15 yomwe inatuluka mu 1960, iyambe yadutsa kwa mmisiri wa zamagetsi. Zambiri za nthawi imeneyo zilibe waya wa earth, ndipo nsambo zomwe mwagwira zimatha kukugwiritsani shoko yoopsa.

Squier ija musaiyang'ane ndi diso lonyoza chifukwa cha dzina. Fender Japan inayamba mu 1982, ndipo magitala ake oyambirira ankapangidwa ku fakitale ya FujiGen ku Matsumoto. A nambala yoyamba ndi JV, a pakati pa 1982 ndi 1984, anatengera kapangidwe ka ma Fender akale, Jazz Bass yake n'kutengera ya 1962, ya mabawuti anayi. Ntchito yake inali yaukhondo, ndipo mwa zomwe zadutsa m'manja mwanga, zambiri zinali zopepuka ndi zomangika bwino kuposa za ku America za kumapeto kwa m'ma 1970. Nayonso yadutsa zaka 40, choncho mayeso onse a khosi aja ikumane nawo, kungoti nati yake ngati ndi ya JV ili kumunsi. Chomwe ilibe ndi mawu akuthwa aja a pickup yosunthidwa, komanso dzina lomwe limagwira mtengo tsiku lodzagulitsa.

Ndikanakhala ine ndikanatere. Ndikanatenga ampu yanga, kebulo yanga, lamba, tchuna, tochi, kasikelo ndi makiyi, n'kupita ndi woimba ng'oma wa m'bandi mwathu kuti aime patali azimvetsera, chifukwa besi imamveka mosiyana ukatalikira. Ya 1978 ikapezeka ndi khosi lowongoka, nati yoyenda mbali zonse ziwiri, kulemera kosapitirira makilogalamu 4.5 kapena komwe phewa langa lavomera, ndipo mtengo watsika chifukwa cha pickup ija, ndikanaigula osacheuka, poti mtima uli pomwepo ndipo gitala yomwe umaikonda ndi yomwe umaitulutsa m'bokosi tsiku lililonse. Nati ikakana, kapena khosi likapezeka lopotoka, ndikanathokoza mwini wake mwaulemu n'kupita kukayesa Squier, ndalama zotsalazo n'kugulira nsambo zabwino ndi kulipira mmisiri woti aikonze bwinobwino. Mukakaziona zonse ziwiri mundilemberenso, mundiuze kampata ka pa fureti ya 8 mbali ya E ndi ya G, zomwe sikelo yaonetsa, ndi mmene nati inamvekera m'dzanja mukuitembenuza.